Nthungululu Imene Ndinakana Kuimba kwa Mposa

Esinati, Yohane, ndi inu adzukulu, ine pensulo sindinaigwirepo. Izi ndikunena pakamwa, wina akulemba, ndipo ndamuuza kuti asakonze kalikonse. Ambiri mwa inu mumandidziwa ngati mayi amene ankaphika phala ku Luwani mpaka anapuma ntchito n'kubwerera kuno ku Magaleta. Imeneyo inali ntchito yachiwiri. Yoyamba ndi imene ndikufuna muidziwe, chifukwa mmene inathera ena mwa inu munangomva mbali imodzi.

Chaka chimene bambo anu anatchona

Bambo anu atapita kumigodi ku Joni n'kusiya kutumiza mawu, ndinadikira mpaka anthu anasiya kundifunsa. Kenako ndinasiya Yohane kwa amayi anga, ndinadzaza dengu la manachesi, ndinabereka Esinati, ulendo wa ku Limbe. Pamsika panabwera mayi wina wonenepa, analawa nachesi limodzi, n'kunena kuti atenga dengu lonse bola ndiwanyamulire. Amenewo anali mayi Mposa. Titafika kumene ankapita, ndinaona mapoto akuda bii ali mbwee kuseri kwa nyumba, manja anga anayabwa, ndinatapa mchenga n'kuyamba kukwecha pamene ndinkadikira dengu langa. Mayi aja atatuluka anaima n'kundiyang'ana. Anati, “Kodi kwanu kuli wokudikira?” Ndinati kulibe. Basi, ntchito ndinaipeza choncho.

Malowo inali shedi yakale ya fodya kuseri kwa njanji, imene amuna awo anaisandutsa kalabu. Chikwangwani chinalipo, koma aliyense ankangoti kwa Mposa. Bwana Mposa anali munthu wamfupi, wa mawu ang'onoang'ono, wosakuwa. Akakwiya ankavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ndiye iwe udziwe kuti zako zada. Koma ndisawanamizire: anandipatsa kachipinda kuseri kwa khitchini, ndipo Esinati anakulira m'menemo, napita kusukulu kuchokera m'menemo. Ntchito ndi pogona zinali chinthu chimodzi. Ndinkakazinga tchipisi pachiwaya, kuphika mang'ina, kukolopa holo. Lachisanu ndi Loweruka kunali mowa ndi dansi, zimene sindinazikonde ngakhale tsiku limodzi. Koma Lamulungu masana, anthu akaweruka kutchalitchi, kunali jazi.

Lamulungu langa loyamba bwana anandichenjeza. Anati, “Lero ndi tsiku la anthu omvera. Supuni isagwe. Ukayika mbale patebulo, uyike ngati ukugoneka khanda.” Anthu anayamba kufika atavala majekete, nsapato zili mbee, azimayi atamanga maduku abwino. Anakhala pansi, chete. Ine ndinkayesa kuli maliro. Kutsogolo kunali wa ng'oma, wa gitala, ndi wa babatoni, chigitala chachikulu chija cha chingwe chimodzi chimene munthu amachikhalira. Anayamba pang'onopang'ono. Ndiye anaimirira bambo wina wamtali, woonda, atanyamula lipenga lophwanyika mbali imodzi. Amenewo anali a Jailosi, mkati mwa sabata ankagwira ntchito yokonza maloko, mitu ya sitima, kunjanji. Ine lipenga ndinkalidziwa la asilikali, lokuwa. Ili silinakuwe. Linayamba pansi, likudandaula, likusiya mawu pakati n'kuwatolanso, monga mmene mayi amaimbira pamtondo akafuna kuti apongozi amve koma osawatchula. Ndinaima pakati pa holo ndi mbale ya mang'ina. Lipenga lija linakwera, linakwera, n'kukafika pamene ndinkaganiza kuti munthuyo mpweya wamuthera, iye n'kupitirira. Sindinaganize kanthu. Dzanja linapita lokha pakamwa, nthungululu inatuluka, ija ya kwathu kuno, yaitali, imene timaimba mwana akatuluka m'chikuta.

Wa ng'oma anaphonya. Mitu yonse inatembenuka. Bwana Mposa anali atavula kale magalasi. Ndinati mumtima, Nangozo, dengu lako lili kuti. Koma a Jailosi analoza lipenga lija kwa ine n'kuliza nthungululu yomweyo, ndendende, ngakhale pamene mawu anga ananjenjemera. Holo yonse inafa ndi phwete. Bambo wina wa kapu yoyera amene anakhala pafupi ndi zenera anati, “Musiyeni, a Mposa. Kwawo amaombera m'manja ndi m'mero.” Anafunsa kuti kwanu n'kuti, ndinati ku Neno. Kuyambira pamenepo dzina langa linali Aneno.

Zaka za Lamulungu masana

Bambo wa kapu yoyera uja anali a Saidi, telala wa pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Mowa sankaukhudza. Ankamwa tiyi wanga, wamkaka, ndipo akamva nyimbo ankatsinzina n'kumapondaponda pansi ngati ali pamakina. Panalinso mayi Mbewe, namwino, amene ankabwera atangoweruka, nsapato zoyera zili kumapazi. Wina anali gadi wa sitima, ankabwera ndi mbale za galamafoni zochokera ku Beira atazikulunga m'thawulo. Oimba asanayambe, tinkayamba tamvera mbale imodzi, kenako mkangano. A Saidi ankati oimba a ku Joni amalira bwino, gadi uja ankati a ku Amereka ndiwo eni ake, mayi Mbewe n'kuwauza kuti nonse khalani chete, singano ya galamafoni ikutha. Ine ndinkamvera ndili pakazenera kopatsira chakudya. Mayina a oimba a m'mbalezo sindinawagwire, ndipo sindinamizira kuti ndinkawadziwa. Ndinkangoti ija ya munthu wa chimfine, ija ya sitima ikukwera phiri, iwo n'kudziwa.

Nthungululu ija siinkabwera Lamulungu lililonse. Mwezi unkatha ili zii. Sindinkaimana dala, inkangokana. Ndiye anthu anazolowera kuti woimba akamaliza gawo lake, m'manja aombe, koma maso onse kukazenera. Ikatuluka, woimbayo ankayenda sabata yonse ngati wakwatira kumene. Ikapanda kutuluka, a Jailosi ankabwera kukhitchini atapukuta thukuta.

“Aneno, lero mwatimana.”

“Lero mumaliza lipenga muli kuno, mtima uli ku Bangwe kwa mayi uja wa zitumbuwa.”

“Aa! Inu ndinu mfiti, eti? Tandipatsani fupa limenelo ndikalimbane nalo.”

Tinkayendanso. Bwana ankabwereka lole, tonse pamwamba, oimba ndi omvera, ine ndi chiwaya changa. Tinapita kuholo ina ku Zomba kumene anthu ake ankavala mataye ngakhale kukutentha, tinapita kuholo ya kuminda ya tiyi ku Mulanje kumene woimba piyano anali wakhungu. Ku Zomba kuja, ndikutsitsa mapoto, mayi wina wa chikwama chonyezimira anandiyandikira. Anati, “Kodi inu ndinu Aneno? Ine ndabwera kudzamva ngati anyamata athu akuyenera.” Ine, wa ku Magaleta, wosadziwa kulemba dzina langa. Tsiku limenelo mnyamata wawo wa gitala anandiimbitsa nthungululu, ndipo mayi aja anandikumbatira mafuta a chiwaya ali pachilundu. Mpaka lero ndikakumbuka ndimakhala tsonga.

Chaka chimene mafuta ophikira anasowa

Chinafika chaka china zinthu zinasowa m'masitolo. Mafuta kunalibe, shuga wa apo ndi apo. Tchipisi tinasiya, ndinayamba kuwiritsa chinangwa n'kuthira tsabola wa kambuzi. A Saidi ankabwera ndi shuga wawo m'kapepala, n'kugawirako mayi Mbewe. Zingwe za gitala zitaduka, mnyamata wathu anamasula waya wa mabuleki a njinga n'kumangapo. Mabatani a lipenga la a Jailosi atayamba kulimba, a Saidi anabweretsa mafuta a makina osokera, ndiye lipenga lonse linkanunkha ngati malaya atsopano. Magetsi akazima sitinkasiya, tinkangotsegula zitseko zonse za shedi kuti dzuwa lilowe, ana a m'njanji n'kudzaza pakhomo. Anthu a Lamulungu sanachepe ngakhale mmodzi, koma bwana anayamba kudandaula kuti omvera amenewa amakhala masana onse ndi botolo limodzi. Ankafuna achinyamata. Ankafuna chinthu chatsopano, chowala.

Chaka chimene Daisoni anabwera

Daisoni anali mwana wachisamba wa a Mposa. Ndinamupeza ali kamnyamata, ankaba tchipisi pachiwaya changa n'kuthawa akupepeta zala. Atakula anamutumiza kunja kukaphunzira, ndipo anabwerako ndi chitoliro chamkuwa chopindika chimene ankati sakisi, chonyezimira moti unkadziona nkhope. Bwana anakonza zoti Lamulungu lina Daisoni aimirire pamalo pa a Jailosi, ndipo akhale pomwepo mpaka kale. Anaitana anthu akuluakulu a m'tauni. Koma ankadziwa kuti anthu a Lamulungu sagulidwa ndi kuwala kwa mkuwa.

Lachinayi anandipeza ndikuwawula mang'ina. Sanalowepo m'khitchini mwanga n'kukhala pansi, koma tsiku limenelo anakoka mpando.

“Nangozo, Lamulungu mwana wanga akamaliza, uimbe nthungululu.”

“Akaimba bwino, bwana, idzatuluka.”

“Sindinati akaimba bwino.”

Ndinati, “Bwana, imeneyi sindiitana. Imabwera yokha.”

Anavula magalasi. Anati, “Paukwati wa mwana wa mlongo wanga unaimba tsiku lonse. Inkabwera yokha?”

Pamenepo anandigwira, chifukwa zinali zoona. Ya paukwati munthu umaimba ngakhale mkwati ali wonyansa, ndi ulemu chabe. Ndinati ya m'holo muja ndi ina. Iwo anati m'mero ndi womwewo. Ataimirira anayang'ana chitseko cha kachipinda kathu, pamene panapachikidwa yunifolomu ya Esinati, n'kunena kuti, “Mtsikanayu akuti amakhoza bwino m'kalasi. Zingakhale zachisoni.” Anatuluka.

Esinati nthawi imeneyo anali atatsala pang'ono kulemba mayeso opitira kusekondale. Aphunzitsi ake ankamutchula pamzere. Ndikachotsedwa, tinalibe kolowera m'tauni, kunali kubwerera ku Neno basi, kumene sukulu inali kutsidya kwa mtsinje ndipo mvula ikagwa ana ankakhala kunyumba.

Loweruka a Jailosi anabwera okha, opanda lipenga. Nkhani inali itawapeza. Anati, “Aneno, imbani. Ine mano akugwedera kale, chaka chamawa lipengali lindikana lokha. Musataye mwana chifukwa cha nkhalamba.” Ndinati si za inu. Anati, “Nanga ndi za yani?”  Ndinapita pakhonde la a Saidi ngati ndikukasoketsa chigamba. Anamvetsera makina akuyenda. Ndinati ndiuzeni chochita. Anadula ulusi ndi mano n'kunena kuti, “Ine ndilibe mwana pasukulu, sindingakuuzeni. Mawa ndikhala pazenera pomwe paja. Mukaimba, ndidzakhulupirira, monga ndimachitira.” Akadandinyoza bwenzi zili bwino. Mawu amenewo ndinayenda nawo njira yonse ngati mwala m'nsapato.

Lamulungu holo inadzaza mpaka kukhonde. Kutsogolo kunakhala alendo a bwana, kumbuyo anthu athu a masiku onse. Asanayambe, Daisoni analowa m'khitchini kudzapempha madzi.  Anati, “Amayi, mundipempherere.” Iye za bambo akezo sankazidziwa, ndikutsimikiza. Ndinamukonza kolala. Ndinapempheradi, ana anga. Ndinati Ambuye, mwanayu aimbe bwino, tonse tipulumuke.

Anaimirira. Zala zake zinali zothamanga, sindinaonepo. Mawu ankatuluka ambirimbiri, okwera, otsika, osaphonya ngakhale amodzi. Koma sankamvera anzake. Wa babatoni anamutsegulira njira, iye anadutsa osaona. Wa ng'oma anamufunsa, iye sanayankhe. Zinali ngati mwana amene waloweza mawu a ubatizo, akuwanena mwamsangamsanga kuti akakhale pansi. Ndinadikira. Ndinati mwina pokhota apa aima, apume, anene chake chimodzi. Penapake anatsika, anagwira liwu limodzi lalitali, ndinati ndi pamenepa. Koma anachita mantha ndi chete uja, n'kuyambanso kuthamanga.

Anamaliza. Alendo a kutsogolo anaomba m'manja kwambiri. A kumbuyo anaomba mwaulemu, kenako mitu inatembenukira kukazenera. Bwana anali ataima pafupi ndi chitseko, magalasi ali m'manja. Dzanja langa linakwera mpaka pachibwano. Lilime linali lokonzeka, ndipo ndikadaimba palibe akadadziwa, chifukwa ndimaitha. Ndinaona yunifolomu ija m'maso mwanga. Kenako ndinaona a Saidi atatsegula maso, akundidikira, mayi Mbewe akundidikira, gadi wa sitima, onse amene zaka zonsezi ankapita kwawo akunena kuti lero kunali nyimbo chifukwa Aneno anatero. Ndinatsitsa dzanja. Ndinatenga chikombe n'kuvundula mang'ina amene sankafuna kuvundulidwa.

Lolemba m'mawa bwana anandiitana muofesi. Sanakuwe.

“Ndinakutola pamsika, uli ndi dengu.”

“Munanditola, bwana, ndipo ndakuphikirani mokhulupirika. Mukati thira mchere ndimathira. Mukati kolopa ndimakolopa. Koma ijayi simunailembe ntchito. Ndinabwera nayo.”

“Ndiye upite nayo. Chipinda chija ndikuchifuna sabata ino.”

Mayi Mposa analira, koma sanatsutse amuna awo. Ndipo ndinene zoona zonse: kukana kwanga sikunapulumutse munthu. A Jailosi anawachotsabe. Anthu a Lamulungu anayamba kuchepa, ena anasamukira kuholo ina. Daisoni sanandilankhulenso. Ndinadzamva patapita zaka kuti anakhala woimba wabwino m'mahotela, ndipo ndinakondwa, chifukwa liwu lalitali lija linalimo mwa iye, linkangofuna nthawi.

Chaka chimene othawa nkhondo anadzaza ku Luwani

Tsiku lonyamuka, a Saidi anatseka makina masana, chinthu chimene sankachita kupatula Lachisanu ndi Lamulungu. Iwo ndi a Jailosi ananyamula mtolo wathu mpaka kudepoti, mayi Mbewe atagwira Esinati padzanja.  A Jailosi anati, “Mutu wanu ndi wouma ngati msewu wa kwanu.” Ndinati msewu wa kwathu mvula ikagwa umafewa. Anati, “Ndiye umaposa inu.” Tinaseka, basi inaliza hutala.

Kwathu ndinafika nthawi imene anthu a ku Mozambiki ankakhamukira ku Luwani, ndipo kumeneko ankafuna odziwa kuphikira khamu. Ndinaphika phala la ana ndi la odwala mpaka msasa unatha, kenako ndinapitiriza kuchipatala chaching'ono mpaka msana unati basi. Inali ntchito yabwino, ndinaigwira ndi mtima wonse. Koma Esinati mayeso aja sanalembe chaka chimenecho, kapena chotsatira. Anadzalemba mochedwa, anzake a ku Limbe ali patsogolo, ndipo sekondale imene ankailota sanaione.

Tsiku lija tikubwerera, tinatsika basi pa Zalewa n'kukwera lole ya matumba a feteleza. Esinati anakhala atakumbatira mabuku ake, fumbi lili m'nsidze. Titawoloka Lisungwi, mapiri a kwathu akuonekera, ndi pamene anatsegula pakamwa.

“Amayi, mukadangoimba kamodzi kokha, bwenzi tili pano?”

Ndinati ayi, bwenzi tili ku Limbe.

“Nanga bwanji?”

Ndinati, “Lamulungu lotsatira anthu aja akadandiyang'ananso. Ndipo ine ndikadadziwa kuti ndinawanamiza, iwo osadziwa.”

Anati, “Iwo aja ali kwawo. Ine sukulu yanga.”

 Esinati, mwana wanga, iwe ndi amene unalipira, ine ndikudziwa, ndipo sindikupempha kuti unene kuti ndinakhoza. Ukati ndinalakwa, mwina ndinalakwadi. Koma m'tauni monse muja ndinalibe nyumba, ndinalibe mwamuna, ndinalibe ngakhale supuni yotchedwa yanga. Ndinali ndi chinthu chimodzi chimene anthu ophunzira ndi osaphunzira ankachikhulupirira chikatuluka mwa ine. Anandipempha kuti ndichigulitse, ndipo ndinabwerera nacho kwathu chili chathunthu.